Chakudya cha m'Malo Osamalira Ana Chikhale ndi Muyeso Wowerengeka

Ife a zaulimi tinazolowera kuwerenga matumba pa hekitala, ndipo mbewu ikalowa m'nkhokwe timayesa kuti ntchito yathu yatha. Koma pakati pa nkhokwe ndi mbale ya mwana pali chigayo, sitolo ndi mphika, ndipo m'malo atatu amenewa mbewu yabwino ingathe kusanduka chodzazira mimba chabe. Nkhaniyi imakula makamaka kumene anthu sadzisankhira okha chakudya: m'sukulu za mkombaphala, m'nyumba zolereramo ana amasiye ndi m'malo osamalirako okalamba. Mwana wa zaka zitatu sadziwa kufunsa za ufa umene aphikira phala lake. Amalandira chimene wapatsidwa. Maganizo anga ndi akuti malo oterewa ayenera kukhala ndi muyeso wolembedwa m'manambala, woti mayi wophika atha kuutsimikiza yekha popanda kudikira katswiri. Dziko la America lili ndi muyeso wotere pa mbewu, pa zakudya za m'mawa za m'mapaketi ndi pa yogati, ndipo nkoyenera kuti tiusanthule bwino, titengepo chotithandiza ndi kusiya chosatiyenera.

Zimene lamulo la ku America limanena

Boma la United States, kudzera mu unduna wake wa zaulimi wa USDA, limabwezera ndalama za chakudya ku malo osamalira ana ndi akuluakulu pansi pa ndondomeko yotchedwa Child and Adult Care Food Program. Ndondomekoyi inayamba mu 1968 ndi ana okha, akuluakulu analowamo mu 1987, ndipo imafikira ana opitirira mamiliyoni anayi tsiku ndi tsiku. Mu 2016 malamulo ake a zakudya anakonzedwanso, ndipo anayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2017. Malo amene satsata malamulowo sabwezeredwa ndalama za chakudya chimene chaperewera pa muyeso. Apa mpamene pagona mphamvu ya lamulolo.

Pa mbewu, lamulo likuti kamodzi kapena kuposerapo pa tsiku chakudya chochokera ku mbewu chikhale choti theka lake kapena kuposa ndi mbewu yathunthu, ndiko kuti mbewu imene sinachotsedwe gaga ndi mtima wake. Gawo lotsalalo liyenera kukhala ufa wobwezeredwa mavitamini ndi ayironi. Tirigu wosakonola, mpunga wofiirira, oats, mapira ndi mawere zonse zimawerengedwa. Ufa wa chimanga wochotsedwa mtima suwerengedwa ngati mbewu yathunthu. Makeke, madonasi ndi mabisiketi otsekemera saloledwa kulowa m'malo mwa chakudya cha mbewu, ngakhale atapangidwa ndi ufa wabwino chotani. Wogula anapatsidwanso njira yapafupi yodziwira: awerenge mndandanda wa zosakaniza pa paketi, aone ngati choyamba chili mbewu yathunthu, ndipo mbewu ziwiri zotsatira zikhale zathunthu, zobwezeredwa mavitamini, gaga kapena mtima.

Pa zakudya za m'mawa za m'mapaketi, monga cornflakes, shuga asapitirire magalamu 6 pa ounce imodzi youma. Ounce ndi magalamu 28 ndi pang'ono, motero malirewo ndi magalamu 21.2 a shuga pa magalamu 100. Pa yogati, malire a 2017 anali magalamu 23 a shuga yense pa magalamu 170, kapena kuti magalamu 13.5 pa 100. Kuyambira pa 1 Okutobala 2025 kawerengedwe kanasintha: tsopano amawerenga shuga wothira yekha, osati amene anali kale m'chakudyacho mwachilengedwe. Yogati asapitirire magalamu 12 a shuga wothira pa magalamu 170, ndiwo magalamu 7 pa 100, ndipo zakudya za m'mapaketi zisapitirire magalamu 6 a shuga wothira pa ounce. Yogati amawerengedwa m'gulu la zakudya zolowa m'malo mwa nyama, ndipo kwa ana saloledwa kulowa m'malo mwa mkaka wakumwa.

Ubwino wa malamulowa suli m'manambala enieniwo ayi, koma m'mene anaikidwira. Munthu wodziwa kugawa nambala angathe kuima m'sitolo, kugawa magalamu a shuga ndi magalamu a chakudya, nadziwa pomwepo ngati paketiyo igulidwe kapena ibwerere pa shelefu. Mawu akuti “chopatsa thanzi” olembedwa ndi zilembo zazikulu kutsogolo kwa paketi alibenso mphamvu pa iye. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Muyeso ndiwo umang'amba nkhuyuyo isanafike pakamwa pa mwana.

Mtima wa chimanga

M'maiko athu muno chakudya cha ana ambiri sichichokera m'paketi, chimachokera ku chigayo. Choncho funso la mbewu yathunthu kwa ife ndi funso la mgaiwa ndi ufa woyera. Njere ya chimanga ili ndi zigawo zitatu. Gawo loyera lokhala ndi sitalichi limatenga magawo pafupifupi 82 pa 100 a kulemera kwake, mtima umatenga pafupifupi 11, ndipo khungu limatenga 5 kapena 6. Koma mtima waung'onowo ndiwo umasunga magawo anayi mwa asanu a mafuta a m'njere, mchere wambiri wofunika m'thupi, ndiponso limodzi mwa magawo anayi a zomanga thupi. Zomanga thupi za mu mtima ndizo zabwino koposa, pakuti zili ndi lysine ndi tryptophan zimene gawo loyera lija limaperewera.

Pamene chimanga chakonoledwa, chapetedwa, mphale yaviikidwa masiku angapo, yatsukidwa, yayanikidwa ndi kugayidwa, ufa umene utsala umakhala utataya pafupifupi limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa chimangacho, ndipo gawo lotayikalo ndilo lonona. Nkhumba ndi nkhuku zimadya gaga wokhala ndi mtima, mwana nalandira sitalichi. Ku Zambia kusiyanaku kuli pakati pa roller meal ndi breakfast meal, ku Zimbabwe pakati pa roller meal ndi ufa woyeretsetsa, ndipo konseku ufa woyera ndiwo umalemekezedwa ngati wa anthu opeza bwino. Ngakhale ofufuza mbewu anatsata mtondo: mitundu ya MH17 ndi MH18 imene inatulutsidwa ku Chitedze mu 1990 inakondedwa chifukwa inali yolimba ndi yokonoka bwino ngati chimanga cha makolo.

Ena adzati malamulo othira mavitamini mu ufa anathetsa kale vutoli. South Africa anakhazikitsa lamulo lotere mu 2003, Zimbabwe mu 2017, ndipo Malawi ndi Mozambique nawonso ali ndi malamulo awo. Zoona, ndipo ufa wotere ngwabwino. Koma lamulolo limafika ku makampani akuluakulu ogaya ufa, pamene sukulu ya mkombaphala ya kumudzi imagayitsa chimanga chimene makolo asonkha pa chigayo cha pafupi, pomwe palibe chothiramo china chilichonse. Kumeneko chitetezo cha mwana ndicho kusachotsa zimene Mlengi anaika kale m'njere. Nchifukwa chake ndikuti mfundo yoyamba ya ku America titenge monga ilili: kamodzi pa tsiku, chakudya cha mbewu chikhale cha mbewu yathunthu. Phala la mgaiwa likukwanira pa muyeso umenewu. Likuni phala wa magawo anayi a chimanga chosakonola ndi gawo limodzi la soya akukwaniranso, ndipo amaposa.

Tisaiwale mapira, mchewere ndi mawere. Mawere ali ndi kashiamu wopitirira mamiligalamu 300 pa magalamu 100, pamene chimanga chili ndi wosachepera kapena wosaposa 10 kwenikweni. Ndipo mawere sakonoledwa monga chimanga, amagayidwa athunthu. Mitundu ya mapira monga Macia ndi Pilira 1, ndi mchewere wa Okashana 1, inatuluka m'ntchito ya SADC ndi ICRISAT ya ku Matopos, ndipo imacha m'madera amene chimanga chimapserera. Sukulu ya ku Chigwa cha Shire, ku Tete kapena ku Matabeleland ikagula mbewu zimenezi kwa alimi oyandikana nayo, mwana amapindula ndipo mlimi amapeza msika umene wakhala akuusowa.

Zimene amayi okonola akudziwa

Komabe tikauza anthu kuti asiye kukonola popanda kunena zambiri, tidzawavulaza. Amayi amene amakonola ndi kuviika chimanga sachita zimenezi mwa umbuli. Pali zifukwa zitatu zomveka, ndipo muyeso wathu uyenera kuziyankha zonse.

Choyamba ndi chuku. Poizoni wa aflatoxin ndi fumonisin amaunjikana kwambiri m'khungu ndi mu mtima wa njere, motero kukonola kumachotsa gawo lalikulu la poizoniyo. Mgaiwa wa chimanga chovunda ngwoopsa kuposa ufa woyera wa chimanga chomwecho. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chokhala ndi aflatoxin wambiri, ndipo poizoni wochepa wodyedwa tsiku ndi tsiku amaononga chiwindi pang'onopang'ono. Lamulo la ku America silinena zambiri za chuku pa mbale ya mwana chifukwa kumeneko mbewu imayesedwa isanafike kwa wogaya. Kwa ife muyeso wa mbewu yathunthu uyende limodzi ndi muyeso wa ukhondo wa mbewuyo: chimanga chouma bwino, cha chinyontho chosapitirira 13 pa 100, choyanikidwa pa thandala kapena pa lona osati pa dothi, chosankhidwa ndi manja kuti njere zoola, zofumbwa ndi zosintha mtundu zichoke. Kumene chimanga chili chokayikitsa, kuli bwino kuchikonola ndi kuonjezera soya kapena nyemba kusiyana ndi kuumirira mgaiwa.

Chachiwiri ndi kasungidwe. Mafuta a mu mtima amachititsa mgaiwa kuyamba kuwawa ndi kununkha msanga, makamaka nyengo yotentha. Yankho lake ndi kusunga chimanga cha njere ndi kumagayitsa pang'onopang'ono, ufa wa sabata imodzi kapena ziwiri basi.

Chachitatu ndi chobisika m'maso. Gaga ndi mtima zili ndi phytate, amene amagwira ayironi ndi zinki kuti thupi lisathe kuzitenga. Apa nzeru za makolo zimatithandizanso, chifukwa kuviika, kumeretsa ndi kusasitsa kumachepetsa phytate. Chimera chili ndi ntchito inanso: sipuni imodzi ya ufa wa chimera yothiridwa m'phala lolimba lotentha pang'ono imalisungunula, kotero kuti mwana angathe kumwa phala la ufa wambiri popanda kulithira madzi. Phalalo liwiritsidwenso pambuyo pake. Phala lamadzimadzi ndilo limadzaza kamimba ka mwana asanapeze mphamvu zokwanira.

Tizikumbukiranso kuti mgaiwa wokha suchiza zonse. Niacin wa m'chimanga ndi womangika, ndipo thupi silimupeza mokwanira ngakhale chimangacho chikhale chosakonola. Mu 1990 anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique opitirira 18,000 anadwala pelagra m'Malawi, mtedza utasiya kugawidwa kwa miyezi ingapo ndipo anthu atatsala ndi chimanga. Anthu a ku Mexico ndi Guatemala, kumene chimanga chinachokera, amachiphika ndi laimu kapena phulusa asanachipere, ndipo njira imeneyi imamasula niacin, imaonjezera kashiamu ndi kuchepetsa poizoni wa chuku. Lamulo la ku America limawerengera chimanga chokonzedwa motere m'gulu la mbewu yathunthu. Chimanga chinaoloka nyanja kudza kuno, koma njira yochikonzerayo inatsala kwao. Pakadali pano chotiteteza ndicho nsinjiro, soya, nyemba kapena usipa m'phala.

Shuga

Pa shuga sindikuvomereza kuti titenge nambala ya ku America. Malire a magalamu 21 pa 100 anaikidwa pofuna kuletsa msika umene zakudya zina za ana za m'mawa zinafika pokhala theka shuga. Ndi mpanda wotchinga zoipitsitsa, si chitsanzo cha chakudya chabwino. Phala la Super Cereal Plus limene bungwe la WFP limapereka kwa ana aang'ono lili ndi shuga magawo 9 pa 100, ndipo ana amadya bwinobwino. Malire athu akhale pamenepo: magalamu 10 a shuga wothira pa magalamu 100 a ufa wouma. Kwa wophika, tanthauzo lake ndi lakuti pa ufa wa magalamu 50, umene ukwanira mbale ya mwana mmodzi, pathiridwe sipuni yaing'ono imodzi, pakuti sipuni ya tiyi imanyamula magalamu 4 kapena kuposa pang'ono.

Bungwe la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asafike magawo 10 pa 100 a mphamvu zonse za chakudya cha tsiku, ndipo kuli bwino koposa atachepera magawo 5. Kwa mwana wofuna makalori 1,200 pa tsiku, magawo 5 ndi magalamu 15, ndiwo masipuni aang'ono osakwana anayi. Phala la masipuni atatu ndi kapu ya chakumwa chosungunula zimapyola malirewo dzuwa lisanafike pa liwombo.

M'dera lathu muli chinthu china chimene Amereka alibe. Zambia anayamba kuthira vitamini A mu shuga mu 1998, ndipo Malawi anatsatira mu 2012. Ntchito imeneyi inali ndi chifukwa chabwino, koma isachititse wophika kuganiza kuti kuchulukitsa shuga nkuchulukitsa thanzi. Vitamini A tingamupeze m'munda: mbatata yofiira m'kati, maungu, mapapaya, mango, ndiponso chimanga cholanje chimene Zambia anatulutsa mu 2012. Ubwino wa chimanga cholanje ngwakuti mtundu wakewo uli m'gawo la m'kati la njere, kotero suthera mu gaga. Mbatata yofiira kapena nthochi yakupsa yofinyiridwa m'phala imatsekemeretsa popanda kutsegula paketi ya shuga.

Yogati ndi chambiko

Mkaka uli ndi shuga wake wachilengedwe, pafupifupi magalamu 5 pa 100, ndipo yogati wopanda chothira amakhala ndi wochepera pang'ono pamenepo. Nchifukwa chake Amereka anasintha nkuyamba kuwerenga shuga wothira yekha, ndipo anatha kutero chifukwa lamulo lao limakakamiza kuti shuga wothira alembedwe payekha pa paketi. Mapaketi ambiri a m'masitolo athu amalemba shuga yense pamodzi. Motero kwa ife muyeso wakale uja ndiwo wogwirika: yogati wopitirira magalamu 13.5 a shuga yense pa 100 asagulidwe. Wabwino koposa ndi wopanda chothira, ndipo zipatso zithiridwe pa sukulu pomwepo. Wogula asamalenso ndi zakumwa zotsekemera zimene zimangolawitsidwa mkaka. Ngati madzi ndi shuga ndizo zayamba pa mndandanda wa zosakaniza, chimenecho si yogati.

Lamulo la ku America silivomereza yogati wopangira pakhomo, poopa matenda. Ife tikatsata mfundo imeneyi tidzatseka khomo la chambiko, mabisi a ku Zambia ndi amasi a ku Zimbabwe ndi South Africa, zomwe ndizo mkaka umene ungafike kumene kulibe magetsi. Mkaka wosasa umakhalitsa kuposa wauwisi, ndipo mimba zambiri zimaulandira bwino. Koma chimene Amereka akuopa nchenicheni. Mkaka wosawiritsa umafalitsa chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi brucellosis, ndipo kusasa kokha sikupha tizilombo tonse. Muyeso wathu ukhale wakuti mkaka uwiritsidwe kapena ugulidwe wophikidwa kale, uzizire, kenaka usasitsidwe m'chiwiya chotsukidwa ndi madzi owira.

Pano mpamene nkhani ya mbewu ndi ya mkaka zimakumana. Gaga wa chimanga chachuku akapatsidwa kwa ng'ombe ya mkaka, gawo lina la aflatoxin limatulukira mu mkaka, ndipo kuwiritsa sikulichotsa. Poizoni amene tinamuchotsa mu ufa pokonola angathe kubwerera kwa mwana yemweyo kudzera m'chambiko. Mlangizi wa mbewu ndi mlangizi wa ziweto ayenera kulankhula chimodzi pa za madeya.

Udindo wa alangizi

Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira, ndipo wa ku Zambia wa 2018 anapeza 35 pa 100. Mbale imodzi ya phala pa sukulu ya mkombaphala singathetse vutoli yokha, koma kwa ana ambiri m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndiyo mbale yodalirika pa tsiku. Kukhazikitsa malamulo ndi ntchito ya maunduna a zaumoyo ndi mabungwe oona za miyeso, ndipo kumatenga zaka. Mlangizi sayenera kudikira. Iye ndiye amakhala pa msonkhano wa komiti ya sukulu pamene akugwirizana zodzala m'munda wa gulu, ndiye amaona chimanga chikuyanikidwa, ndiye amadziwana ndi mwini chigayo.

Pempho langa kwa inu alangizi anzanga, kaya muli ku Chipata, ku Angónia, ku Dedza kapena ku Mutoko, ndi lakuti pa khoma la khitchini ya malo alionse osamalira ana kapena okalamba m'dera lanu palembedwe mizere inayi m'chilankhulo cha anthu a kumeneko. Kamodzi pa tsiku, mbewu yathunthu youma ndi yosankhidwa bwino. Pa makapu anayi a chimanga, kapu imodzi ya soya, mtedza kapena nyemba. Pa mbale ya mwana mmodzi, sipuni yaing'ono imodzi ya shuga. Mkaka uwiritsidwe usanasasitsidwe, ndipo yogati wogula asapitirire magalamu 13.5 a shuga pa 100. Mizere imeneyi mayi wophika angaitsate ndi kapu ndi sipuni zimene ali nazo kale, ndipo kholo lililonse lobwera kudzatenga mwana wake lingathe kuiwerenga ndi kufunsa ngati yatsatidwa lero.